Laputopu yakale yafika madigiri 96 nditaisinthira purosesa, kodi ndaipha?

Tsokonombwe
Moni nonse. Ndithandizeni maganizo, usiku wathawu tulo sindinatione bwino.

Ndili ndi ThinkPad T420, ija ya 2011. Takhala limodzi zaka zambiri, kiyibodi yake zala zanga zinaizolowera, ndiye zoitaya sindikuzifuna. Sabata yatha ndinati ndiipatseko moyo wina. Hard disk ndinachotsa n'kuikamo SSD, chosungira mafayilo chothamanga kwambiri. RAM ndinakweza kuchoka pa 4GB kufika pa 16GB. Purosesa yomwe inabwera nayo, i5-2520M, ndinazula n'kuikamo i7-2720QM ya ma core anayi (core ndi kagawo ka purosesa kogwira ntchito pakokha). Kenako ndinaika Windows 10 yatsopano.

Kuthamanga kokha ndiye ayi, sindingadandaule. Koma kutenthaku! Core Temp, pulogalamu yoyezera kutentha kwa purosesa, ikuonetsa madigiri 60 mpaka 64 ndisanakhudze chilichonse. Ndikatsegula YouTube ikudutsa 80. Dzulo ndimasintha kanema wa mphindi 10 kuti akhale MP4, inafika 96, fani ikulira ngati ikufuna kutuluka m'katimo. Mpweya wa kumanzere kuja ukuwotcha chala, ngakhale ukutuluka mofooka.

Kale sindinkayeza n'komwe, ndiye polinganiza palibe. Kodi manambala amenewa ndi mmene imakhalira laputopu yakale ikasinthidwa zipangizo, kapena ndizimitse isanapse?

Fisi_Wamanyazi
Mwamanga injini ya lole m'kagalimoto kakang'ono, lero mukudabwa kuti boneti ikutentha?

Tsokonombwe
Achimwene, si ine woyamba. Anthu ambiri anachitapo zimenezi pa T420 ndipo akugwiritsabe ntchito mpaka pano.

Mlonda_Usiku
A Tsokonombwe, khazikani mtima pansi, simunaiphe. Koma mwatipatsa manambala atatu, ndipo iliyonse ikunena nkhani yake.

Tiyambe ndi 96. Purosesa yanu yakale inali ya mawati 35. Yatsopanoyi ndi ya mawati 45. Chozizirira cha m'laputopumo, heatsink ndi fani yake, ndi chomwe chija. Ndiye mukaigwiritsa ntchito yolemera ngati kusintha kanema, ma core onse anayi akuthamanga nthawi imodzi, kutentha kukuchuluka kuposa komwe heatsink ija inakonzedwera. Apa a Fisi akunena zoona, ngakhale akunena mwachipongwe. Malire omwe Intel inaika pa mapurosesa awiri onsewa ndi madigiri 100. Ikafika pamenepo imadzichepetsera yokha liwiro kuti izizire, ndipo zikakanika laputopu imazima yokha. Kuti ipse muli chiyang'anire n'kovuta kwambiri. Komabe 96 ndi pafupi ndi khoma. Laputopu ngati yanuyo, itasamalidwa bwino, ine ndingayembekezere 85 mpaka 90 pa ntchito yolemera.

Nambala yomwe ikundivutitsa ine ndi ija ya pakati pa 60 ndi 64, titi 62. Purosesa ikangokhala osagwira ntchito imadya mawati ochepa kwambiri, kaya ndi ya ma core awiri kaya anayi. Pamenepo kusiyana kwa 35 ndi 45 kulibe ntchito. M'chipinda chosatentha kwambiri imayenera kukhala cha m'ma 40 mpaka 50. Ngati ili pa 62, ndiye kuti mwina siikupuma monga mukuganizira, kapena kutentha kukukanika kuchoka pa purosesa kupita panja.

Tiuzeni izi: Task Manager ya Windows ikuti CPU, purosesayo, ili pa maperesenti angati mukangoisiya? Core iliyonse ikuonetsa zingati payokha pa nthawi ya ntchito yolemera? M'chipindamo mukutentha bwanji? Funso lomalizali anthu amaliiwala, chonsecho fani imaziziritsa ndi mpweya womwewo mukupumawo. Chipinda chikakwera ndi madigiri 10, purosesa nayo ikwera pafupifupi chimodzimodzi.

Nyenyezi_K
Windows mwaika liti? Ngati ndi masiku awiri atatu apitawa, musafulumire kuweruza. Ikangoikidwa kumene imakhala kalikiliki mobisa: Windows Update ikukopera ndi kuika zinthu, Defender ikusanthula mafayilo, ya kusaka ija ikulemba mndandanda wa zonse zili pa disiki. Inu mukuona ngati yangokhala pomwe mkatimo muli ntchito yadzaoneni. Ine yanga inatentha tsiku lathunthu, mawa lake inakhala phee osaikhudza. Isiyeni yoyaka, ili pa chaja, imalize zake, kenako muyezenso.

Chidzukulu_7
Ine ndikuona kuti ndi RAM. 16GB pa laputopu ya 2011 yachuluka. Yanga nditangowonjezera RAM inayamba kutentha tsiku lomwelo. Chotsani imodzi muone.

Kadzidzi
A Chidzukulu, RAM musainamizire. Kachidutswa kamodzi ka DDR3 kamadya mawati awiri kapena atatu pa ntchito, ndipo kutentha kwake sikudutsa pa heatsink ya purosesa. Ngati munagula DDR3L, ya mavoti 1.35 m'malo mwa 1.5, ndiye imadya ochepa kuposa apo. SSD nayonso siingakhale gwero. Mulibe chozungulira mkati mwake, ndipo ikangokhala imadya magetsi ochepa kuposa hard disk.

Koma pali kanthu komwe mwina munakaona n'kukamasulira molakwika. Laputopu ya RAM yochepa ndi hard disk, purosesa yake nthawi zambiri imangokhala kudikirira kuti disiki ibweretse zinthu. Podikirapo imazizira. Mukaika SSD ndi RAM yokwanira, kudikira kuja kumatha, ntchito imabwera motsatizana, purosesa imagwira mwamphamvu. Komanso munthu mwiniwake amasintha khalidwe. Amene kale ankaopa kutsegula ma tab asanu, lero ali ndi 30. Ndiye inde laputopu imatha kutenthako pambuyo powonjezera RAM, koma chotentha ndi purosesa, chifukwa tsopano yapeza zochita. Ndipo zimenezo sizingafotokoze 62 ya pamene ikupuma.

Chidzukulu_7
Kaya. Ine ndanena zomwe ndinaona ndi maso anga.

Gogo_wa_Linux
Vuto lenileni palibe walitchula. Windows 10 Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Yanuyo ndi ya m'badwo wachiwiri. Ikani Linux Mint m'malo mwa Windows mupume. Yanga ya zaka zomwezo ikangokhala fani siimveka n'komwe.

Fisi_Wamanyazi
Afika agogo. Munthu atati mutu ukumupweteka, iwo yankho ndi lomwelo: ikani Linux.

Nyenyezi_K
Agogo, pa nkhani ya chitetezo mukunena zoona, ndipo a Tsokonombwe ayenera kuiganizira. Koma Linux siichotsa fumbi mu fani. Ngati heatsink sinakhale bwino, itentha ndi Mint yomweyo.

Gogo_wa_Linux
Sindikukana, mwana wanga. Koma kuno ku Linux tili ndi pulogalamu ya thinkfan, fani umailamula wekha kuchokera pa sitepe 0 mpaka 7, ndipo ukalemba lamulo la sensors umaona kutentha konse poyera. Musandiuze za TPFanControl, ndikuidziwa, imachita zomwezo pa Windows. Ndangoti ndinene.

Mlonda_Usiku
Za Windows ndi Linux tidzakangana tsiku lina, akuluakulu. Tidikire kaye manambala a mwini laputopu.

Tsokonombwe
Pepani ndinachokapo. Nazi zomwe ndapeza.

Windows yatha masiku asanu ndi limodzi, ma update onse anatha. CPU ikangokhala ili pa maperesenti 2 kapena 3, koma kutentha ndi 61. M'chipinda muno ndi 27, ndayeza ndi ka wotchi kokhala ndi thermometer. Ndayambiranso kusintha kanema uja kwa mphindi zisanu: core yoyamba 96, yachiwiri 95, yachitatu 85, yachinayi 83. Ndikasiya ntchito, kutsika kwake n'kochedwa, pamatha mphindi zingapo isanabwerere m'ma 60.

Mwina ndinene ichinso. Thermal paste yatsopano, phala lija lopaka pakati pa purosesa ndi heatsink kuti kutentha kuzidutsa bwino, ndinalibe tsiku limenelo. Yomwe inali pa heatsink ndinaipala pang'ono ndi khadi, n'kuisonkhanitsa pakati, n'kubwezera. Inkaoneka ngati idakali bwino.

Fisi_Wamanyazi
Mayo ine! Paste ya 2011? Ndiye mwatiyendetsa mtunda wonsewu muli ndi yankho m'thumba?

Kadzidzi
A Chidzukulu, bwerani mudzapepese RAM.

Mlonda_Usiku
Basi, mlandu waoneka mutu wake. Ndipo ndikukayika kuti ndi paste yokha.

Onani kusiyana kwa ma core: 96 ndi 83, madigiri 13. Pa ntchito yofanana ma core amasiyana, inde, koma ndi madigiri ochepa, mwina 3 mpaka 6. Akasiyana chonchi ndiye kuti mbali imodzi ya purosesa ikukhudza mkuwa wa heatsink bwino, mbali ina yalekana nawo. Paste youma imachita zimenezi chifukwa siifalikira, imakhala ngati dothi losweka, m'ming'alumo muli mpweya. Heatsink yomangidwa mopendama imachitanso zomwezo.

Chachiwiri ndi mpweya uja munati ndi wotentha koma wofooka, komanso kuchedwa kuzizira. Pamenepo ndikununkhiza fumbi. Limaunjikana pakati pa fani ndi timapepala tachitsulo ta potulukira mpweya, n'kupanga kansalu kothithikana. Kunja simungakaone, ngakhale kuunika ndi tochi.

Ndiye tsegulaninso. Chotsani chaja ndi batire kaye. Mukachotsa kiyibodi ndi chotchinga chake, masulani heatsink yonse. Pukutani paste yakale mbali zonse ziwiri ndi isopropyl alcohol, ya maperesenti 90 kapena kuposa, ndi kansalu kosasiya ubweya, mpaka pamwamba pa purosesa pawale ngati galasi. Patulani fani muone kuseri kwake. Pakani paste yatsopano, Arctic MX-4 kapena Noctua NT-H1 zimagwira bwino ndipo sizidutsa magetsi. Pobwezera, yang'anani pafupi ndi masikuluu a heatsink, pali manambala 1, 2, 3, 4. Sanawalembe pongokongoletsa. Tsatirani manambalawo, sikuluu iliyonse muipotoze pang'ono, mupite pa ina, muzungulire choncho kangapo mpaka onse alimbe. Mukamanga imodzi mpaka kumapeto ena ali omasuka, heatsink imapendama, ndipo purosesa ya laputopu ilibe chivindikiro chachitsulo ngati ya desktop. Ndi silicon yamaliseche, kona yake imatha kubenthuka.

Mbalame_Yausiku
Poti tikuulula machimo, nane ndiulule. Zaka zapitazo ndinapaka mankhwala otsukira mano. Ndinawerenga penapake kuti amagwira. Tsiku loyamba zinalidi bwino, ndinadzitama. Patatha masiku anayi laputopu inayamba kuzima yokha. Nditatsegula ndinapeza atauma gwa ngati choko, m'katimo mukununkhira bwino kwabasi. Amene aja ndi madzi ambiri, madziwo akauma basi zatha.

Nyenyezi_K
Za kuchuluka kwa paste, ikani kadontho kamodzi pakati, heatsink ikapanikiza ifalitsa yokha. Kupaka ndi khadi kumalowetsa mpweya.

Kadzidzi
Achemwali, apa tisiyana. Kadontho n'kabwino pa purosesa ya desktop, chifukwa chivindikiro chija chimagawa kutentha ngakhale makona atapanda kufikiridwa. Pa silicon yopanda chivindikiro, pomwe paste sinafike ndi pomwe padzatenthe, palibe chopulumutsa. Ndipo ya ma core anayi ya m'badwo umenewu ndi yotalika mbali imodzi, kadontho kozungulira sikafika kumapeto. Ine ndimapaka mopyapyala ponseponse. Masikuluu a laputopu sapanikizanso mwamphamvu ngati a desktop.

Nyenyezi_K
Ine ndachita za kadontho pa malaputopu asanu, palibe yomwe inadandaula.

Kadzidzi
Anali a ma core awiri kapena anayi?

Nyenyezi_K
Awiri. Chabwino, pa yotalikayo ajambule kamzere m'malo mwa kadontho. Koma khadi ayi.

Gogo_wa_Linux
Mukukanganirana zachabe, ana inu. Ine ndinasiya paste, ndimaika PTM7950 ya Honeywell. Imabwera ngati kapepala, umadula molingana ndi purosesa, imasungunuka ikafika cha pa madigiri 45 n'kudzaza mipata yonse. Ubwino wake siithawira m'mbali. Paste wamba pa silicon yamaliseche, chifukwa cha kutentha ndi kuzizira tsiku ndi tsiku, imakankhidwa pang'onopang'ono, pakatha chaka kapena ziwiri manambala ayambanso kukwera. Ingokumbukirani kusenda mapulasitiki ake onse awiri.

Mphepo_ya_Kumpoto
Chenjezo limodzi pa za fumbi. Ngati mukupemerera ndi mpweya wamphamvu, gwirani fani ndi chala kapena kamtengo isazungulire. Ine ndinalozetsa kompuresa pa yanga osaigwira, inalira ngati mluzu, ndinasangalala kuti fumbi likutuluka. Kuyambira tsiku lomwelo inayamba kukhotakhota n'kumalira kuti krrr, mpaka ndinasintha yonse. Ndipo kupemerera kuchokera kunja osatsegula sikuthandiza kwenikweni, kansalu ka fumbi kaja kamangobwerera m'kati, nthawi zina n'kukakola fani.

Kadzidzi
Palibe wayankha za YouTube, ndipo imeneyo paste yatsopano siithetsa yonse. Purosesa yanu ili ndi Intel HD Graphics 3000 m'kati mwake, yoonetsera zithunzi pa sikirini. Imeneyi ili ndi gawo lapadera lomasulira kanema wa mtundu wa H.264 mosavutikira. Koma YouTube masiku ano imakonda kutumiza VP9 ndi AV1, zomwe HD 3000 siizidziwa. Zikatero ntchito yonse imagwera ma core, ndiye kuonera kanema kokha kumasanduka ntchito yolemera. N'chifukwa chake laputopu yatsopano yotsika mphamvu imaonetsa kanema yemweyo ili zii, pomwe i7 yanu ikutuluka thukuta.

Ikani h264ify pa browser yanu, imakakamiza YouTube kutumiza H.264. Simudzapeza zoposa 1080p, koma sikirini ya T420 siifikanso pamenepo, ndiye palibe chomwe mwataya. Kuti mutsimikize, dinani kumanja pa kanema, musankhe Stats for nerds, pa Codecs pakhale avc1.

Chidzukulu_7
Ingoikani pulogalamu ya ThrottleStop mupange undervolt, kutsitsa mavoti a purosesa, madigiri 10 achoka pompo. Mnzanga anachita.

Mlonda_Usiku
Laputopu ya mnzanuyo iyenera kuti ndi yatsopanoko. Kutsitsa mavoti ndi ThrottleStop kumatheka pa m'badwo wachinayi, Haswell, kupita m'tsogolo, komanso pa ma Core 2 Duo akalekale aja. M'badwo wachiwiri ndi wachitatu khomo limenelo ndi lotseka.

Chomwe chimatheka n'chosavuta kuposa apo. Pitani ku Power Options, Advanced settings, Processor power management, pa Maximum processor state mulembe 99 m'malo mwa 100. Peresenti imodziyo imazimitsa Turbo Boost. i7-2720QM liwiro lake lokhazikika ndi 2.2GHz, Turbo imaikweza mpaka 3.3GHz pa core imodzi, ndipo kukwera kumeneko kumafuna mavoti ambiri. Kutentha kochuluka kumachokera kumtunda kumeneko. Mukazimitsa mutaya liwiro ndithu, koma fani ikhala chete. Ine ndili ndi ma power plan awiri, ina ya 99 ya tsiku ndi tsiku, ina ya 100 ya pamene ndili ndi changu.

Bambo_wa_Awiri
Ndawerenga zonse, koma ine ndilankhula mosiyana. Mukumuphunzitsa munthu kugula purosesa yamphamvu kenako n'kuimanga miyendo ndi 99 peresenti. Phindu lake n'chiyani? i5-2520M ija inkafika 3.2GHz. Ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku, kulemba, kutsegula masamba a intaneti, zimadalira liwiro la core imodzi kapena awiri. Pa 2.2GHz laputopuyo izichedwa pa zinthu zimenezi kuposa kale. Akanafuna kukweza mosavutitsa chozizirira, i7-2640M ndi ya mawati 35 omwewo.

Ndipo izi zoti purosesa imadziteteza n'zoona, koma m'laputopu simukhala purosesa yokha. Muli batire, lomwe kutentha kumalikalambitsa msanga. Muli tizipangizo topereka magetsi ku purosesa. Muli fani ya zaka zoposa khumi yomwe tsopano izithamanga kwambiri tsiku lonse. Purosesa ipirira 95, anzake oyandikana nawowo ndi amene adzayambe kugonja.

Mlonda_Usiku
Bambo, mfundo yanu ndi yolemera, sindikuitaya. Kwa munthu wongolemba ndi kuwerenga, SSD ndi RAM zinali zokwanira, purosesa akanaisiya. Koma a Tsokonombwe amasintha makanema. Pa ntchito imeneyo ma core anayi pa 2.2 amaposa awiri pa 3.0, ndipo amamaliza msanga n'kupuma.

Pa za kukalamba kwa zipangizo, funso ndi lakuti imakhala nthawi yaitali bwanji kumtundako. Kufika 90 kwa mphindi 15 kawiri pa sabata ndi nkhani ina, kukhala pa 90 kuyambira m'mawa mpaka usiku ndi inanso. Chomwe chikanapha laputopu imeneyi pang'onopang'ono ndi 62 wa nthawi zonse uja, fani osapuma. Ngati angapeze heatsink ya T420 ya mtundu wokhala ndi kachipangizo ka zithunzi ka NVIDIA NVS 4200M, imeneyo inakonzedwa kuti izinyamula kutentha kochulukirapo, ndipo ambiri oika ma core anayi amasinthira imeneyo.

Bambo_wa_Awiri
Mwaona? Tayamba purosesa, tsopano heatsink. Mawa mumuuza asinthe motherboard.

Fisi_Wamanyazi
Pomaliza idzatsala kiyibodi yokha, poti ndi yomwe amaikonda.

Kamtsitsi
Pepani kulowerera. Yanga si ThinkPad koma funso ndi lofanana. Ndinaika SSD mwezi watha, pulogalamu yoyezera disiki ya CrystalDiskInfo ikuonetsa madigiri 40 nthawi zonse. M'mawa 40, ndikakopera mafayilo ambiri 40, usiku 40. Ndi bwino?

Kadzidzi
A Kamtsitsi, 40 yokhayo ndi yabwino, koma yosasuntha choncho siikuyeza kanthu. Ma SSD ena otsika mtengo alibe choyezera kutentha m'kati, ndiye amangopereka nambala imodzi yomwe anailembamo. Sikuti yawonongeka. SSD yoyeza zoona m'laputopu imayendayenda, cha m'ma 30 mpaka 45 ikamapuma, n'kukwera m'ma 50 pokopera zambiri. Ambiri a SATA, monga Samsung 860 EVO ndi Crucial MX500, analembedwa kuti amagwira ntchito mpaka madigiri 70. Hard disk malire ake amakhala cha pa 60. Musayerekeze manambala a disiki ndi a purosesa: 75 pa purosesa si kanthu, pa SSD ndi vuto.

Mbalame_Yausiku
Nanga ma cooling pad aja, okhala ndi mafani oika pansi pa laputopu? Ine ndimaona ngati amathandiza.

Mphepo_ya_Kumpoto
Amachotsa madigiri ochepa, ndipo theka la ntchitoyo ndi kungoikweza laputopu kuti mpweya uzilowa pansi. Ikani kabuku kumbuyo kwake osatseka mabowo, muona kusintha pafupifupi komweko. Chachikulu musaiike pa bulangeti kapena pa matiresi.

Nyenyezi_K
China chomwe sitinafunse: chaja yanu ndi ya mawati angati? Ndikufunsa chifukwa changa chinandionekera. Batire la ThinkPad yanga litafa ndinalichotsa, n'kumayendera chaja ya mawati 65 yokha. Laputopu inazizira bwino kwambiri, osadutsa 55 ngakhale pa ntchito yolemera. Ndinkanyadira. Koma inkachedwa modabwitsa. Nditayang'ana mu HWiNFO, pulogalamu yoonetsa mmene zipangizo zikugwirira ntchito, ndinapeza purosesa yakakamira pa 800MHz, siikwera. Laputopu ikaona kuti batire palibe ndipo chaja ndi yaing'ono, imadzimanga yokha kuti isapemphe magetsi oposa omwe chaja ingapereke. Nditapeza ya mawati 90 liwiro linabwerera, kutentha nakonso kunabwerera. Ndiye poyeza kutentha muziyang'ananso ma MHz pambali pake. Ndi purosesa ya mawati 45, chaja ya 65 ndi yoperewera.

Tsokonombwe
Ndabwera ndi lipoti, akuluakulu.

Ndinatsegula dzulo madzulo. A Mlonda, ngati munali m'katimo. Nditapatula fani ndinapeza kansalu ka fumbi kotuwa, kokhuthala ngati chala chaching'ono, katatseka pafupifupi potulukira mpweya ponse. Ndinakakoka ndi tweezers kanatuluka kathunthu, kali ndi mizeremizere ya timapepala tachitsulo tija. Zaka zonsezi ndinali ndisanafikeko.

Pa heatsink, chidindo cha paste chinandiuza zonse. Mbali imodzi inali itaphwanyika bwino, mbali ina inali mibulu youma yosakhudzidwa n'komwe. Ndipo sikuluu nambala 3 inali yomasuka, ndinaizungulitsa kawiri konse isanagwire. Manyazi andigwira.

Ndinapukuta, ndinapaka MX-4 mopyapyala ponse, pepani achemwali a Nyenyezi, ndinatsatira a Kadzidzi. Ndinamanga motsatira manambala. Chipinda chili pa 27 chomwecho, zotsatira ndi izi. Ikangokhala, 45 mpaka 47, ndipo fani nthawi zina ikumaima. YouTube ndi h264ify, 56 mpaka 60. Kusintha kanema yemwe uja pa 100 peresenti: 88, 87, 85, 84. Pa 99 peresenti siikudutsa 76, koma kanemayo akutenga nthawi yotalikirapo. Ndikasiya ntchito, pasanathe mphindi imodzi yatsika kale m'ma 50. Mpweya tsopano ukutuluka wamphamvu, ukusuntha kapepala patebulo.

88 ija ndiivomere?

Mlonda_Usiku
Ivomereni. Mawati 45 pa heatsink imeneyo, m'chipinda cha 27, simungapemphe zoposa apo. Muli ndi madigiri 12 musanafike malire, ndipo ma core akusiyana ndi 4 okha. Tsegulani HWiNFO pa nthawi ya ntchito yolemera, pa mzere wa Thermal Throttling, kudzichepetsera liwiro kuja, pakhale No. Manambala a lerowa alembeni penapake pamodzi ndi kutentha kwa chipinda, kuti mukadzayeza pakatha miyezi isanu ndi umodzi mudzakhale ndi polinganiza.

Bambo_wa_Awiri
Ine 88 sindikanagona nayo. Koma laputopu ndi yanu.

Gogo_wa_Linux
Pa Mint ikanakhala 43.

Nyenyezi_K
Za khadi ndakhululuka. Koma funso langa simunayankhe. Tembenuzani chaja muwerenge pomwe palembedwa Output.

Tsokonombwe
Palembedwa 20V, 3.25A.

Nyenyezi_K
Chulukitsani ziwirizo, mupeza mawati 65. Fufuzani yolembedwa 4.5A, ya mawati 90, ndipo ikafika mudzayezenso, chifukwa 88 ija mwina isuntha.